Mmene Tinamizira Abiti pa Phiri la Zomba

1995, pa msewu wa kuphiri

Lole inafika pa khona lija lopindika ngati chigongono, injini inatsokomola n'kuzima. Kenako tinayamba kubwerera chafutambuyo.

"Miyala," anatero a Namakhwa, dalaivala wathu, mutu uli kunja kwa zenera. "Pingani matayala ndi miyala, apo ayi tikatsikira mumsika tonse ndi boti lanuli."

Ndinadumpha. Ocheka matabwa amene tinawatenga kuti atithandize anadumphanso. Tinapinga. Lole inagwedezeka, inalira, inaima. Pamwamba pake Abiti anapendekeka, chingwe chimodzi chinaduka, koma sanagwe.

Abiti linali boti. Boti la matabwa, lokoka mabwato pa nyanja ya Chilwa. Tonse tinkalitchula ngati munthu wamkulu. Tsiku limenelo botilo linali pakati pa phiri la Zomba, kumwamba thanthwe, kumunsi phompho.

Amayi ena ankatsika ndi mitolo ya nkhuni. Mmodzi anaima, anayang'ana boti, anayang'ana ine.

"Kodi abambo, chigumula cha Nowa chayandikira, ife osatiuza? Mutisungireko malo."

Ine ndinali kumanga chingwe.

Ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo mukudziwa kuti zolankhula sizanga. Ndilemba zimene ndinaona. Koma kuti mumvetse chimene boti linkafuna kuphiri, ndiyambe ndi mmene ndinalipezera.

1974

Ntchito yanga yoyamba inali yosenza matabwa. Ocheka ankacheka pamwamba pa phiri, ife tinkatsika nawo pamutu mpaka m'tauni, kanjira koterera, nkhata ya udzu pamutu, nsapato palibe. Tsiku lina ndinatula matabwa kuseri kwa msika, pabwalo la Che Bwanali. Anali Msilamu wogulitsa mpunga ndi matemba ouma, munthu wamfupi, wa mkanjo woyera nthawi zonse, wolankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anandifunsa dzina, ndinanena. Anandifunsa kwathu, ndinati makolo anachokera kutsidya, ku Mozambiki. Anadikira kuti ndiwonjezere. Sindinawonjezere.

"Iwe umalankhula chonchi masiku onse?"

"Inde."

"Ndakulemba ntchito. Pa boti langa ndatopa ndi olongolola. Olongolola ndikwanira ndekha. Umadziwa kusambira?"

"Ayi."

"Zili bwino. Ndiye udzalisamala kuti lisamire."

Mawa lake anandikweza lole ya mpunga kupita ku doko la Kachulu. Kumeneko ndi kumene ndinaona Abiti koyamba. Sanali okongola. Anali otakata pamimba, afupi mphuno, injini pakati, kumbuyo chipilala chomangapo chingwe chokokera. Anawapanga mmisiri wina wa kutsidya ine ndisanabwere. Nthiti zinali za mlombwa, matabwa a mkungudza wa phiri lomwe lino, misomali yamkuwa. Dzina linali la mayi a Che Bwanali, Abiti Musa, amene anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti mwana wawo apeze injini. Mayiwo anamwalira boti lisanalowe m'madzi. N'chifukwa chake Che Bwanali sankanena kuti "boti langa likudontha." Ankati, "Mayi anga akudwala."

Ntchito yanga inali kumata. Mpata uliwonse pakati pa matabwa ndinkaukhomera thonje ndi tchizulo, pamwamba n'kuthira phula lotentha. Pasanathe mwezi manja, malaya ndi tsitsi zinali bii. Asodzi anayamba kunditcha Phula. Dzina la ubatizo linatsala m'buku la kutchalitchi. Amayi anu okha ndi amene ankalikumbukira, akakwiya.

Zaka za m'ma 1980

Chilwa si yakuya, koma mwera ukawomba munthu wa nkhafi sayenda. Pamenepo ndi pamene Abiti ankadyera. Tinkazungulira ku chilumba cha Chisi ndi m'zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama m'njedza, udzu wautali wa m'madzi, kutolera mabwato odzaza matemba, mpunga, nkhuni, njinga, mbuzi, anthu odwala. Tinkawamanga pa chingwe chimodzi, limodzi kumbuyo kwa linzake. Abiti kutsogolo, thu thu thu, ngati bakha ndi ana ake. Liwiro analibe. Munthu wa pa bwato lomaliza ankatha kugona, kudzuka, n'kupeza tikadali pakati. Koma sanasiyepo bwato m'njira.

Nkhondo itakula kutsidya zinthu zinasowa. Dizilo ankabwera mwa apo ndi apo. Phula linasoweratu. Ndinkatola mapatapata akutha m'misewu ya ku Sadzi, kumene tinkachita lendi, n'kukawasungunula m'chitini. Fungo lake agalu ankathawa. Thonje litasowanso ndinatenga bulangete lathu lakale n'kuling'amba. Amayi anu analifuna mwezi wa Juni.

"Bambo a Feliya, bulangete lofiira lija lili kuti?"

"Lili pa ntchito."

"Ehe. Mkazi mnzanga uja wayamba kundilanda ndi zofunda zomwe. Mukamuuze kuti poto yekha andisiyire."

Kuyambira pamenepo Abiti anali mkazi mnzawo. Ndikachedwa kunyanja ankauza anansi kuti ndili ku nyumba yaikulu.

1995

Mvula inakana zaka zotsatizana, nyanja inayamba kuthawa. Poyamba tinkakankha Abiti kutsatira madzi. Kenako madzi anapita kumene sitikanatha kuwatsatira. Anthu anayamba kupita ku Chisi pa njinga, m'njira imene ife tinkadutsa ndi injini. Abiti anakhala pa matope ong'aluka, dzuwa likuwamenya. Thabwa likauma limafota. Mipata inatseguka, thonje linagwa lokha, chala changa chinkalowa pakati pa matabwa. Ndinafolera ndi udzu, chiswe chinabwera kudzera mu udzumo. Ndiye kunabwera anthu. Mkungudza aliyense amaudziwa. Wina ankafuna wa chitseko, wina wa bokosi la maliro. Che Bwanali anawakaniza onse. M'mawa wina ndinapeza thabwa la kumphuno palibe, misomali itazulidwa bwinobwino.

Ndinapita ku tauni kukanena. Che Bwanali anandifunsa funso limodzi lokha.

"Phula, madzi atsala kuti m'boma lino?"

Ndinaloza kuphiri ndi mutu.

Pamwamba panali damu laling'ono la esiteti ina ya mitengo, ndipo kapitawo wake anali mnzawo wa Che Bwanali. Anavomera. Tinachotsa injini n'kuisiya pabwalo m'tauni, tinakweza Abiti pa lole yonyamula zipika, n'kuyamba kukwera. Ndi mmene tinafikira pa khona lija.

A Namakhwa analiza injini, inadzuka, koma lole inkangonjenjemera pamalo amodzi. Ndinatsitsa chingwe chokokera cha Abiti, chachikulu ngati mkono, n'kuchimanga kutsogolo kwa lole. Ocheka matabwa anagwira. Che Bwanali anakwinya mkanjo, anagwira. Amayi a nkhuni aja anatula mitolo yawo.

"Tigwire nawo," anatero wa Nowa uja. "Mwina atikumbukira tsiku la madzi."

Wina anayambitsa nyimbo yokokera zipika. A Namakhwa ankatukwana lole, lole inkafuka utsi, ife tinkakoka. Inasuntha. Khona lililonse lovuta tinkatero. Che Bwanali ankapuma ngati mvukuto koma pakamwa sipanatseke.

"Mayi anga akoka anthu moyo wawo wonse. Lero akokedweko. Koka iwe, sunadye?"

Tinafika ku damu masana. Tinagoneka zipika, tinatsetsereka boti pang'onopang'ono mpaka linakhudza madzi. Anthu anaomba m'manja. Kuomba kusanathe, madzi anali akulowa paliponse ngati m'dengu. Tinalowa ndi ndowa kukapa. Ukachotsa imodzi, zalowa ziwiri. Che Bwanali anali m'katimo, mkanjo uli matope, akukapa ndi beseni la kapitawo.

Ine ndinkakapa ndikuganiza. Tikalimbikira masiku angapo, matabwa a pansi adzafufuma, mipata idzatseka. Koma a pamwamba adzakhalabe padzuwa, ndipo tinali m'mwezi wotentha. Komanso ndinayang'ana anthu amene ankatithandizawo. Anthu abwino. Koma aliyense wa iwo anali wocheka matabwa, ndipo ndinaona mmene ankasisitira mkungudzawo ndi manja. Phiri lonse linali la anthu otero. Mlonda tinalibe. Ndinakumbukira malume anga kutsidya. Akafuna kuchoka nthawi yaitali ankadzaza bwato lawo ndi miyala n'kulimiza padziwe, pobwera n'kulivuula lili bwino. Koma lawo linali la mtengo umodzi wosema. Ili linali la matabwa ambiri ndi misomali. Ngati chimodzimodzi chingachitike, sindinkadziwa.

Ndinaika ndowa pansi.

"Bwana, tisiye kukapa."

"Watopa?"

"Tiwamize."

Che Bwanali anawongoka, beseni lili m'manja.

"Wandikweza phiri lonseli kuti ndidzamize mayi anga?"

"Pansi palibe dzuwa. Palibe chiswe. Palibe wakuba."

"Unaonapo boti lomizidwa likudzukanso?"

"Bwato ndinaonapo. Boti ayi."

"Ndiye ukufuna kuphunzirira pa mayi anga."

"Inde."

A Namakhwa anaseka kumtunda, koma ataona nkhope ya Che Bwanali anasandutsa chifuwa. Inali nthawi ya swala, pemphero la Asilamu. Che Bwanali anatuluka m'boti, anasamba manja, nkhope ndi mapazi pa damu pomwepo, anapita kuseri kwa mitengo ya paini. Tinadikira, madzi akukwera m'miyendo. Atabwera analankhula motsitsa.

"Sindikuloleza, sindikukuletsa. Ukachita, wachita ndi dzanja lako. Ntchito sindikuchotsa, uli ndi ana. Koma moni wanga usaufune mpaka mayi anga adzuke. Akapanda kudzuka, ine ndi iwe tidzadutsana ngati mitengo mpaka kumanda."

Inu ana a masiku ano mwina simuona kulemera kwake. Munthu ameneyo anandipatsa moni m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa makumi awiri. Anabwera pa ukwati wanga, Msilamu, n'kukhala pa benchi la kutsogolo m'tchalitchi. Ndinaima m'madzimo kanthawi. Kenako ndinakwera kumtunda, ndinasankha mwala wafulati, ndinabwera nawo n'kuugoneka pa msana wa boti.

Abiti anakana kumira. Mkungudza wouma ndi wopepuka. Madzi anadzaza mpaka m'milomo, iwo ali phee, akuyandama. Anthu omwe aja amene ankatulutsa madzi anayamba kulowetsa miyala, akuseka.

"Ntchito ya lero sindidzaifotokoza kunyumba," anatero wocheka wina. "Adzati ndinamwa."

Ndinkalandira mwala uliwonse ndekha, kuuyala motsatira msana ndi nthiti, osati pa matabwa. Ndinamanga chingwe kumphuno, mbali ina ku mtengo wa paini. Dzuwa litapendeka, kumbuyo kunayamba kutsika. Ndinatuluka. Madzi anabwata thovu, kenako anakhala bata. Che Bwanali anakwera kutsogolo kwa lole osayang'ana m'mbuyo. Ine ndinatsika wapansi, kanjira kanga kakale ka matabwa.

1996

Ndinagwira ntchito pabwalo m'tauni, kusoka matumba a mpunga ndi kuthira oilo injini ya Abiti kuti isachite dzimbiri. Che Bwanali anasunga mawu awo. Koma munthu wolankhula ngati iwo kukhala chete kunkawapweteka kuposa ine. Anapeza njira. Ankaima pafupi nane, phewa ndi phewa, n'kuitana dalaivala.

"A Namakhwa, muuzeni Phula kuti thumba ilo wasoka mokhota."

"A Phula, akuti mwasoka mokhota."

"Ndamva."

"Akuti amva."

"Mumufunsenso ngati mwana uja chifuwa chinasiya. Osanena kuti ndafunsa ndine."

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkakwera phiri kukaona chingwe. Ndinkachikoka pang'ono kuti ndimve ngati chikadali cholemera. Madzi anali akuda, pansi sipankaoneka. Nthawi zina ndinkaganiza misomali ikudyeka, matabwa akumasuka limodzilimodzi, ine ndikulondera chingwe chomangidwa ku mphuno yokha. Amayi anu ankandikulungira chinangwa chophika.

"Mukapereke moni kumanda a mkazi mnzanga," ankatero. Koma tsiku lina anawonjezera, "Adzuka, bambo a Feliya. Akazi otakata pamimba safa msanga."

1997

Mvula inabwera yambiri, nyanja inabwerera m'malo mwake. Che Bwanali anauza a Namakhwa kuti andiuze kuti nthawi yakwana. Tinatenga asodzi a ku Kachulu odziwa kumira, ndi migolo yopanda kanthu. Asodziwo anazolowera madzi ofunda a Chilwa. Woyamba analowa m'damu n'kutuluka nthawi yomweyo, mano akugundana.

"Awa si madzi. Amenewa ndi mipeni."

Tinasonkha moto pagombe. Ankamira, kutulutsa mwala, kuthamangira kumoto, kubwereranso. Tinamanga migolo m'mbali. Kapitawo anabwera ndi anthu ake, ogulitsa mbatata ndi zipatso m'mbali mwa msewu anasiya malonda. Che Bwanali anakhala pa chitsa, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, m'manja. Chakumasana migolo inagwedezeka. Kumbuyo kunatulukira koyamba, kenako chipilala chokokera, kenako milomo yonse, yakuda ndi matope, nkhanu zikuthawa mbali zonse.

Tinakapa. Nthawi ino madzi ankatsika. Titafika pansi ndinauza onse atuluke. Ndinakhala ndekha m'katimo, ndikuyang'ana mipata. Inali yotseka ngati milomo ya munthu wokana kuulula. Ndinabaya thabwa ndi mpeni, mpeni unakana. Ndinapala pang'ono, fungo la mkungudza linatuluka ngati wocheka dzulo. Chiwongolero chinali chitawola, ndi matabwa angapo a paini amene ndinaikapo zaka zosowa zija. Zina zonse zinali zamoyo.

Che Bwanali anadzuka pa chitsa, anabwera mpaka madzi anawafika m'mawondo. Anagwira mphuno ya boti nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwaswera bwanji, a Phula?"

Anali asananditchulepo ndi ulemu wotero.

"Ndaswera bwino, kaya inu."

"Ndaswera. Kunyumba ali bwanji? Mayi? Feliya anakhoza mayeso aja? Wamng'ono uja anayamba kuyenda? Denga lija munafolera? Mwendo uja unapola?"

Anafunsa moni yense wa zaka ziwiri ataima m'madzi ozizirawo. A Namakhwa anati, "Basi, ine ntchito yandithera."

Koma Abiti sanabwerere ku Chilwa. A Namakhwa anakana kuwatsitsa. "Pokwera tinakwera ndi mapemphero," anatero. "Potsika mabuleki anga samva pemphero la Chisilamu kapena la Chikhristu." Ndiponso kunyanja kunali kutabwera timaboti ta injini zopachika kumbuyo, tothamanga, ndipo palibe amene ankafunanso kugona pa chingwe. Che Bwanali anati mayi awo agwira ntchito yokwanira, apume kwawo kumene mitengo yawo inamera. Ine ananditumiza komweko. Ndiyo inali ntchito yanga yomaliza.

Ndinasema chiwongolero chatsopano, ndinabweza thabwa lobedwa lija. Ana a sukulu a ku Songani ndi ku Malosa ankabwera ndi aphunzitsi awo, ndinkawazungulitsa damu ndi nkhafi. Ambiri kanali koyamba kukwera chinthu choyandama. Ankafunsa mafunso ambiri. Ndinkayankha ena. Chaka chilichonse kukayamba kutentha tinkamiza Abiti, mvula ikakhazikika n'kuwavuula. Che Bwanali atamwalira, mwana wawo Asiyatu anatenga malonda pamodzi ndi boti. Anandisunga pa ntchito mpaka mawondo anakana phiri.

Chaka chino

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi ichi: ine ndikapita, adzamiza ndani? Kumiza si kuponya miyala. Mwala umodzi wosongoka pa thabwa lokalamba, boti latha. Kulemetsa mbali imodzi, ligona chammbali n'kuthyoka nthiti. Feliya ankandiperekeza zaka zambiri, koma ankangonyamula chakudya ndi kundinena kuti ndine wovuta. Sindinamuphunzitse. Sindidziwa kuphunzitsa.

Kutentha kutayamba ndinatumiza mawu kwa Asiyatu kuti Loweruka andidikire, ndibwera kudzaonetsa anthu. Loweruka njinga yamoto imene inalonjeza kudzanditenga ku Sadzi inachedwa. Inafika dzuwa litakwera. M'njira monse ndinkakonza mawu: miyala yafulati yokha, yambani pakati, chingwe chisakhale chokoka.

Nditafika ku damu boti panalibe.

Asiyatu anali pa chitsa, akufinya mpango wa kumutu. Feliya anali pamoto ndi anyamata a esiteti, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno.

"Mwafika, abambo? Tiyi alipo," anatero Feliya.

"Boti lili kuti?"

"Lili kumene mumaliika."

"Ndinati mundidikire."

"Mphepo imayamba, agogo," anatero Asiyatu. "Inu nomwe mumati mphepo ikayamba osamiza."

Ndinapita pa mulu wa miyala. Yafulati yonse inali itapita. Yosongoka inali payokha pambali.

"Munayamba kuti?"

"Pakati," anatero Feliya.

"Analandira miyala ndani?"

"Ine. Ndinayala pa msana ndi pa nthiti. Anyamatawa sindinawalole kulowa."

"Chiwongolero?"

"Chili m'shedi, tachipachika."

Ndinapita ku mtengo wa paini. Mfundo inali yanga, yomangidwa ndi dzanja lina. Pansi pa chingwe anaikapo chidutswa cha tayala kuti chisadye khungwa. Chimenecho ine sindinachiganizepo. Ndinakoka chingwe, chinabwera pang'ono, kenako chinalemera monga chiyenera. Ndinatsika pagombe. Dzuwa linali pamutu, madzi ali mbee, ndipo ndinaona milomo ya Abiti pansipo, mbali zonse ziwiri zofanana, atakhala mowongoka.

Feliya anabwera kudzaima pambali panga, kapu ya tiyi m'manja.

"Nenani, abambo. Tikudziwa mwakwera nacho phiri chimene talakwitsa. Nenani timve, tiyi asazizire."

Ndinayang'ananso chingwe. Ndinayang'ananso miyala. Ndinafunafuna ndithu, koma cholakwa sindinachipeze.

Ndinalandira kapuyo, ndinamwa yense, ndinamubwezera. Wa njinga yamoto anayamba kuliza injini, ndinamukaniza ndi dzanja. Ndinatola ndodo yanga n'kuyamba kutsika.